Kachewere wa ku Tsangano ndi Mipikisano ya Sayansi m'Sukulu

Pali chionetsero china chimene sichisoŵa pa mpikisano wa sayansi wa ana a sukulu, kaya mpikisanowo ukuchitikira ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku London. Mwana amatenga mbatata ya kachewere, nabayamo msomali wokutidwa ndi zinki mbali ino, kachidutswa ka mkuŵa mbali inayo, nalumikiza mawaya aŵiri. Akandanditsa mbatata zitatu kapena zinai motero, kababu kakang'ono kamayaka, ndipo oonerera amaomba m'manja nkumati, "Taonani, mwana watulutsa magetsi m'kachewere!" Ife a ku Ntcheu nkhani imeneyi iyenera kutikhudza koposa anzathu onse, pakuti magetsi akadakhaladi m'kachewere, bwenzi usiku ku Tsangano kukuŵala kuposa mumzinda wa Blantyre.

Zoona zake nzakuti mphamvuyo ili m'zitsulo ziŵirizo. Zinki uja amadyeka pang'onopang'ono, ndipo pamene akudyeka amataya tinthu tosaoneka ndi maso totchedwa maelekitironi, timene timayenda m'waya kupita ku mkuŵa. Madzi a m'kati mwa mbatata angokhala njira yoti ntchitoyo itheke, monga momwe angachitire madzi a ndimu kapena madzi a mchere. Mbatata imodzi siikwanitsa ngakhale volt imodzi, ndipo zinki akatha pa msomali, magetsi nawo atha. Tsono mwana amene wayatsa kababu kaja, koma sangathe kufotokoza zimenezi, wangobwereza chimene adaona m'buku kapena pa foni ya mlongo wake.

Sindikunyoza ana opanga batire ya kachewere ai. Ndifuna tione pamene pagona kusiyana. M'chaka cha 2010 akatswiri a pa Hebrew University ku Jerusalem, mmodzi mwa iwo Haim Rabinowitch, adatenga chionetsero chomwechi, chimene anthu onse ankachiyesa choseŵeretsa cha ana, nadzifunsa kuti, kodi mbatatayo itaphikidwa zingatani? Adapeza kuti akaiŵiritsa mphindi 8, timakoma ta m'kati mwake timafeŵa, ndipo mphamvu imatuluka yochuluka pafupifupi kakhumi. Mbatata idali yomweyo, zitsulo zomwezo. Koma padapezeka munthu wofunsa funso, woyesa, ndi wolemba zimene wapeza. Oweruza mipikisano yabwino amafuna zimenezi kwa mwana, ndipo ndi zimene makolo ndi aphunzitsi ambiri sadazimvetse.

Mipikisano yotere siidayambe dzulo. Ku America chionetsero choyamba cha dziko lonse cha ana a sukulu chidachitikira mumzinda wa Philadelphia m'chaka cha 1950, ndipo lero chidakula nkumalandira ana a maiko ambirimbiri. Anansi athu a ku Zambia adayambitsa makalabu a JETS m'chaka cha 1968, ndipo kufikira lero mwana wa ku Katete kapena ku Lundazi amayambira pasukulu pake, akapambana apite ku boma, kenaka ku chigawo, mpaka ku mpikisano wa dziko lonse. Ku South Africa adayamba m'chaka cha 1980, ndipo tsopano mpikisano wao umadziŵika ndi dzina la kampani ya magetsi ya Eskom. Kuno kwathu, sukulu ya Kamuzu Academy ku Mtunthama, imene idatsegulidwa m'chaka cha 1981, yakhala ikuchereza chionetsero cha sayansi cha sukulu za m'dziko muno, ndipo bungwe la boma la National Commission for Science and Technology lakhala likuikapo dzanja. Nayo yunivesite ya MUST ku Thyolo, imene idayamba kuphunzitsa m'chaka cha 2014, yakhala ikusonkhanitsa asungwana a ku sekondale pa nthaŵi ya tchuthi kuti alaŵe maphunziro a sayansi ndi uinjiniya.

Palinso mpikisano wa maloboti wotchedwa FIRST Global, umene adauyambitsa Dean Kamen wa ku America. Woyamba udachitikira ku Washington m'chaka cha 2017, ndipo udadzachitikanso ku Mexico City, ku Dubai, ku Geneva, ku Singapore ndi ku Athens. Dziko lililonse limatumiza gulu limodzi la ana a zaka 14 mpaka 18, ndipo Malaŵi nayenso watumizako ana ake. Chimene chimandikondweretsa pa mpikisano umenewu nchakuti gulu lililonse limalandira bokosi lofanana la zipangizo, kotero kuti mwana wa dziko lolemera sangapambane chabe chifukwa chakuti atate ake adamgulira mota yamphamvu. Chaka choyambacho ntchito idali yokhudza madzi: loboti inkayenera kusankhula timipira tobiriŵira ngati mtambo, toimira madzi abwino, pakati pa timipira tina toimira zonyansa za m'madzi.

Zonsezi nzokoma kumva. Nanga mwana wa ku Tsangano zikumkhudza bwanji?

Apa mpamene pali nkhani. Ana athu ambiri amaphunzira m'sukulu za sekondale zoyendera, zija boma lidazisandutsa kuchokera ku ma MCDE kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Zambiri mwa sukulu zimenezi zilibe labotale yokwanira, ndipo mwana amatha kufika pa mayeso a Fomu 4 atangoona chithunzi cha chida chimene akufunsidwa kuti achifotokoze. Kalata yoitanira ku mpikisano imafika mochedwa, kapena imafika nthaŵi yabwino koma ndalama yoyendera palibe. Aliyense amene adakwerapo lole ya kabichi kutsika ku Tsangano mvula ili pakati adziŵa kuti ulendo wokafika pa mseu wa tala pa Tsangano Turn-off suli wamaseŵera, makamaka kwa mwana amene wafukata chinthu chomata ndi guluu. Choncho pa mipikisano pamachuluka ana a sukulu za m'tauni ndi zogonera pompo, ndipo ife timangoti, "Zimenezo nza ana a mabwana."

Mau ameneŵa ngoopsa, chifukwa mwana akaŵamva kaŵiri katatu amaŵakhulupirira.

Taganizani za William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala, ku Wimbe m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 idamchotsa pasukulu ya sekondale ya Kachokolo chifukwa makolo ake adalephera kulipira fizi. Iye adayamba kupita ku kanyumba ka mabuku ka pasukulu ya pulaimale ya kwao, kumene adapeza buku la Chingerezi lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo pachikuto. Chingerezi chinkamvuta, koma zithunzi ankazimva. Adatola chokupizira cha thirakitala, mapaipi a pulasitiki amene adaŵaphwatalitsa pa moto, fulemu ya njinga ndi dainamo, naimika nsanja ya mitengo ya bulugama. Anthu a m'mudzi ankati wapenga. M'chaka cha 2002, ali ndi zaka 14, babu idayaka m'nyumba ya makolo ake.

Ambiri nkhaniyi amaidziŵa, pakuti idalembedwa m'buku m'chaka cha 2009 ndipo idatuluka pa kanema m'chaka cha 2019. Koma chimene timachilumpha ndi ichi: kuchokera 2002 mpaka 2006 makinawo adakhala akuzungulira ku Wimbe dziko osadziŵa. Zaka zinai zathunthu mnyamatayo adali kunja kwa sukulu. Adadzadziŵika pamene Dr Hartford Mchazime, amene ankayang'anira ntchito yokhudza tinyumba ta mabuku timeneti, adamva za iye, napita kukaona yekha, nabwera ndi atolankhani. Nyuzipepala ya Daily Times idalemba nkhani yake m'mwezi wa November 2006. M'chaka cha 2007 adakayankhula ku msonkhano wa TED ku Arusha. M'chaka cha 2014 adatsiriza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America. Mchazime akadapanda kudzera njira imeneyo, kodi bwenzi tikumdziŵa? Ku Mulanje mnyamata wina, Gabriel Kondesi, adapanga nyumba yakeyake youlutsira mau yotchedwa Pachikweza ndi zidutswa za mawailesi akale, ndipo dziko lidamdziŵa m'chaka cha 2009 apolisi atamgwira chifukwa choulutsa mau popanda chilolezo. Wina adapezeka mwamwai, wina adapezeka pa mlandu. Mpikisano wa sukulu, ukayendetsedwa bwino, ndiwo khoka loti ana otere azipezeka chaka ndi chaka, tisamadikire mlendo wodutsa kapena wapolisi.

Tsono funso nlakuti, mwana wopanda labotale angapite ndi chiyani? Yankho langa nlakuti apite ndi vuto la kwao, chifukwa pa limenelo palibe mwana wa m'tauni angampose. M'chaka cha 2016 mphotho yaikulu ya Google Science Fair idapita kwa msungwana wa zaka 16 wa ku Johannesburg, Kiara Nirghin. Chilala cha chaka chimenecho, chomwe chidatisautsa ifenso, ndicho chidampatsa funso, ndipo zipangizo zake zidali makoko a malalanje ndi a mapeyala, amene adapangira chinthu chosunga madzi m'nthaka. Makoko! Zimene ife timataya ku dzala.

Ku Tsangano vuto lotere siliyenera kufunidwa ndi nyali. Mlimi aliyense wa mbatatesi adziŵa kuŵaŵa kwa kusunga mbeu. Amakumba, nasankha yabwino, naiunjika pakona m'nyumba ya mdima kapena naitsekera m'matumba; pofika nthaŵi yobzala apeza ina yaola, ina yafota, ina yatulutsa mphukira zazitali zoyera zimene zimathothoka ukangozigwira. Akatswiri a bungwe la International Potato Center, limene likulu lake lili ku Lima m'dziko la Peru, kwao kwenikweni kwa mbatata imeneyi, adafalitsa njira ina: kuyala mbeu pa mathandala mosaunjika, m'kanyumba kopita mphepo, koloŵa kuŵala koma kosaloŵa dzuŵa lenileni. Mbeu yosungidwa motero imabiriŵira khungu ndipo imatulutsa mphukira zazifupi, zonenepa ndi zolimba. Yakudya ndiyo iyenera kukhala mumdima, chifukwa mbatata yobiriŵira imakhala ndi ululu, apa tisasokoneze.

Nayi tsono ntchito yoti asungwana aŵiri a Fomu 2 angaigwire popanda kugula kanthu. Atenge mbatata 150 za mtundu umodzi, za munda umodzi, zofanana kukula, nazigaŵe patatu. Makumi asanu aziike m'thumba mumdima monga achitira agogo, makumi asanu aziyale pansi m'chipinda, makumi asanu aziike pa thandala la nsungwi pamalo oŵala. Loŵeruka lililonse abwereke sikelo ya wogulitsa pa msika, ayese kulemera kwa gulu lililonse, aŵerenge zoola, ayese kutalika kwa mphukira ndi rula, nalembe zonse m'kope, tsiku ndi tsiku lake. Pakatha miyezi itatu adzakhala ndi manambala amene palibe buku lililonse lili nawo, chifukwa ndi a mtundu wa mbatata wa kwao ndi kuzizira kwa kwao. Akafuna kupitirira, abzale magulu atatuwo m'mizere yoyandikana nayese zokolola. Woweruza akadzafunsa kuti, "Mwadziŵa bwanji?" adzangotsegula kope. Ndipo ngakhale mphotho itapita kwina, atate ao adzakhala atadziŵa kasungidwe kamene kamaŵatayitsa mbeu yocheperapo, chimene kwa banja lodalira mbatatesi ndi ndalama ya fizi.

Kwa anyamata okonda zosulasula pali china chimene mapiri athu adachita ngati kuchipangiratu malo. Ndi mpope wodziyendera wokha ndi mphamvu ya madzi, wosafuna petulo, magetsi kapena kupalasa ndi miyendo. Adaukonza Joseph Montgolfier wa ku France m'chaka cha 1796, yemwe uja adaulutsa chibaluni cha mpweya wotentha pamodzi ndi mbale wake. Kayendedwe kake nkotere. Madzi a mumtsinje amatsika m'paipi yotsetsereka nathamanga kutulukira pa valavu yotseguka ya kumunsi. Liŵiro likakula, madziwo amakankha valavuyo nitsekeka mwadzidzidzi. Madzi othamanga akatsekeredwa motero amagunda mwamphamvu, monga mumamvera paipi ikulira mukatseka mpope msangamsanga. Kugundako kumatsegula valavu yachiŵiri, ndipo madzi pang'ono amaloŵa m'chibotolo chokhala ndi mpweya. Mpweya wopanikizikawo umaŵakankhira m'paipi yokwera phiri. Kenaka mphamvu imatsika, valavu yoyamba imatsegukanso, ndipo zonse zimayambiranso, usana ndi usiku, gu, gu, gu, ngati mtima. Madzi ambiri amabwerera mumtsinje, ochepa okha ndiwo amakwera, koma amatha kukwera pamwamba kuposa pamene adachokera kangapo konse. Ku chigwa chopanda matsitso mpope umenewu sugwira ntchito. Ku Tsangano, kumene timitsinje timatsika m'mapiri ndipo madimba ali m'mbali mwake, ndiye kwao. Zipangizo zake ndi zidutswa za mapaipi, mavalavu aŵiri ndi botolo lolimba. Mwana amene angayese kuti paipi yotalika bwanji, pa matsitso otani, imakweza malita angati pa ola, wagwira ntchito ya uinjiniya yeniyeni.

Mafunso ena ngambiri: chiŵau chimene chimapsereza masamba a mbatatesi nyengo ya nkhungu, matenda omwe aja adagwetsa njala yoopsa ku Ireland kuyambira 1845, kapakidwe kochepetsa kunyuka kwa tomato ndi mapichesi pa mseu wa mabampu, mbaula yosadya nkhuni zambiri m'dera lozizira chotere. Sindikhalitsapo, mphunzitsi wa zaulimi aŵadziŵa kuposa ine.

Tsopano ndiyankhule ndi inu makolo anzanga, pakuti mpikisano umayambira kapena kufera pakhomo. Mwana wokonda kumasula zinthu amatopetsa, zimenezo tisabise. Tochi yatsopano umaipeza ili zidutswazidutswa, waya wa pa mpanda wasanduka galimoto. Koma m'malo mwa chikoti chokha, mpatseni wailesi yakufa ikhale yake, ndipo mumlamule kuti yamoyo asaikhudze. Galimoto ya mawaya yokhala ndi chiwongolero chokhotetsa mateyala si chinthu chachabe. Mwanayo wadzipezera yekha nzeru imene amakaniko amaiphunzira ku sukulu ya ntchito zamanja. Makolo athu akale ankasungunula chitsulo m'ng'anjo nasula makasu ndi nkhwangwa azungu asanafike, ndipo luso limenelo ankaliphunzira ali ana, poonerera ndi pogwira.

Za asungwana ndinenepo mosapsatira. Mnyamata akaŵeruka ku sukulu amakhala ndi madzulo ake. Msungwana amapeza ndowa, mtondo ndi mwana wa kumbuyo zikumdikira. Kenaka timadabwa kuti ku kalabu ya sayansi kwadzaza anyamata, nkumati asungwana sayansi siiŵakonda. Ngati mwana wanu wamkazi walembetsa ku kalabu, mlongo wake atunge madzi tsiku limenelo. Sadzathyoka msana.

Palinso cholakwa cha mbali inayo, chimene chimachitika kaŵirikaŵiri m'mabanja ophunzira ndi m'sukulu zofuna kutchuka: atate, amalume kapena aphunzitsi amapanga chinthu chonse, mwana nkungoloŵeza mau okanena. Oweruza odziŵa ntchito yao amazindikira ndi funso limodzi lokha, monga lakuti, "Chidakanika nchiyani poyamba?" Mwana amene adapanga yekha amayankha mpaka kumletsa, woloŵeza amangoyang'ana kumene kwaima aphunzitsi ake. Ndipo akapambana osagwidwa, ndiye zaipiratu, chifukwa waphunzira kuti ulemu umabwera ndi ntchito ya munthu wina. Thandizo loyenera la wamkulu ndi kubwereka sikelo, kuperekeza mwana kwa wowotcherera zitsulo, ndi kuletsa zoopsa. Mwana asaseŵere ndi magetsi a m'nyumba, asatsegule batire ya galimoto chifukwa madzi ake amatentha khungu ndi kuchititsa khungu, ndipo mankhwala opopera mbeu asaŵagwire popanda mlangizi.

Inu anyamata ndi asungwana, chida chanu chachikulu ndi kope. Lembani tsiku, chimene mwayesa, ndi chimene chatuluka, ngakhale chikhale chokhumudwitsa. Musang'ambe tsamba la zolephera, pakuti ndilo limatsimikiza kuti ntchitoyo njanu. Musasinthe nambala kuti igwirizane ndi zimene munkayembekeza. Ngati mbatata za mumdima zasungika bwino kuposa za poŵala, lembani zomwezo, ndipo mufufuze chifukwa chake, mwina dzuŵa linkaloŵa pa zenera, mwina makoswe adayendera thandala. Chingerezi chisakuopseni. Yambani mwafotokozera agogo anu m'Chicheŵa mpaka amvetse. Mukatha apo, kumasulira kwake mphunzitsi adzakuthandizani m'masiku oŵerengeka.

Kwa aphunzitsi aakulu ndi makomiti a makolo, pempho langa nlakuti tisadikire kalata yochokera ku Lilongwe. Sukulu zitatu kapena zinai zoyandikana, za pulaimale za makalasi apamwamba pamodzi ndi za sekondale, zingathe kusankha Loŵeruka limodzi, kuyala madesiki pabwalo, ndi kuitana mlangizi wa zaulimi, wazaumoyo wa pachipatala ndi mmisiri wa pamsika kuti akhale oweruza. Mphotho ikhale makope, rula ndi tochi; nzokwanira. Opambana pamenepo ndiwo komiti iŵasonkhere ya basi, ndipo ndalamayo iloŵe m'ndondomeko ya chaka kuyambira teremu yoyamba, kuti isadzafunidwe usiku woti maŵa ndi ulendo. Chofunika kukumbukira pokonza tsikulo nchakuti ntchito ngati ya mbeu ija imadya miyezi itatu ndipo imayamba pa nthaŵi yokumba. Ana auzidwe mbatata ikadali m'munda, kuti apemphe zao 150 ogula a malole asanafike.